Mbuzi Zimene Anjelina Anabisa

Anjelina sanabe, sanaledzere, sanatukulepo dzanja pa mwana. Anangobisa mbuzi zake tsiku limodzi, ndipo nkhani yoti akhalabe ndi Chipiliro kapena amulanda inayambira pamenepo. Ndi nkhani yopsetsa mtima, ndipo palibe chifukwa choinenera mokometsera munthu.

Mayi ameneyu amakhala m'mudzi wina kuseri kwa Milepa. Ndi wamtali, wa mawu aakulu, wa mtima wapachala. Amalima nandolo ndi tomato, ndipo mavenda pamsika amamudziwa bwino. Wina akangoyerekeza kutsamiritsa chala pasikelo, Anjelina amamuyalira mbiri yake yonse kuyambira kwa agogo ake, anthu akumvetsera. Kutchalitchi amayi anzake anasiya kalekale kumusankha pa maudindo, chifukwa sadziwa kunong'ona.

Anthu amamuitana kuti amake Chipi, koma Chipiliro sanatuluke m'mimba mwake. Anjelina mphatso ya ana sanailandire. Mwanayu anali wa mng'ono wake, Misozi, amene anamwalira pobereka ku chipatala cha mishoni. Khandalo linachedwa kulira. Nthawi yoti likhale tsonga itakwana, khosi linali likadali lende, manja ofumbata, miyendo yopingasa. Bambo wa mwanayo, mkamwini wochokera ku Thyolo, anati akukafuna ganyu ku Limbe, ndipo ganyuyo sanathe mpaka lero. Mwamuna wa Anjelina anapirirako chaka, kenako anati iye sanakwatire chipatala. Anjelina anamuthandiza kulongedza malaya.

Pamene anzake ankayamba sukulu, Chipi anali asanayende, asanatchule liwu ndi limodzi lomwe, koma anali mtsikana wosamalidwa. Ankagona pamatiresi okutidwa ndi pulasitiki. Anali ndi mpando wakewake, umene kalipentala anakhoma motsatira malangizo a bambo wa mafizo wowongola ziwalo za olumala kuchipatala, wokhala ndi potsamira mutu ndi lamba wa chitenje pachifuwa. Mpandowo sunali wodzionetsera, chifukwa Chipi akadyera chogona ankatsamwa. Mbuzi nazonso Anjelina ankaziwetera iyeyo, kuti azipeza mkaka wothira m'phala. Madzulo zikamalowa m'khola zikukankhana, mwanayo ankaseka mpaka mpando kugwedezeka.

Vuto linali msana. Mwana ankakula, ndipo ku mafizo, ku Misa, kumunda, konseko ankapita ali kumbuyo, miyendo ikulendewera mpaka m'mawondo mwa mayi wake. Anjelina sankasirira nyumba ya munthu kapena mwamuna wa munthu. Chimene ankachisirira padziko pano chinali njinga ya olumala.

Tsono muyenera kudziwa mmene alendo a magalimoto amalandiridwira kwathu kuno. Kale mlendo akamabwera, anthu ankasesa pabwalo, kubwereka mipando, kupha nkhuku. Alendo eni akewo ndi amene anathetsa khalidwe limeneli. Chaka china cha njala, olemba mayina anadumpha nyumba ya mayi wamasiye chifukwa anaona wailesi pazenera, wailesi yoti inafa kalekale. Wina anamudumpha chifukwa cha malata amene mwana wake anamukhomera asanamwalire. Anthu si zitsiru, anaphunzira. Masiku ano galimoto yoyera ikangomveka kuti ikubwera, mbuzi zimatsikira kudambo, matumba a chimanga amakabisala m'munda wa nandolo, njinga imalowa m'bafa, ana amavula zabwino n'kuvala nsanza. Zaka zonsezi Anjelina yekha ndiye ankakana kuchita nawo zimenezi, ndipo n'chifukwa chake dzina lake silinalembedwepo paliponse.

Amene anabweretsa nkhani anali a Levi, mlongo wake wamkulu, mwini mbumba, amene amakonza njinga pa Boma. Anafika tsiku lina masana, thukuta lili kamukamu.

"Achemwali, mwayi uja wafika," anatero. "Ndakumana ndi anthu a bungwe lina la ku Limbe loona za ana ngati Chipiyu. Abwera sabata yamawa kudzamuona."

"Kudzamuona kuti atani naye?"

"Kuthandiza, nanga bungwe limabwerera chiyani? Mwina njinga ija mumalira ija ipezeka. Koma ndi mmene pakhomo panu palili apamu simungapate kanthu. Matiresi, mbuzi, chimanga, mpando wa abwana uwu. Adzangoti awa ndi opeza bwino, n'kupitirira."

Kandimverere anakanena za m'maluwa. A Levi sanafunse kuti bungwelo limathandiza motani, ndipo Anjelina sanaganize zokadzifunsira yekha. Iye anangopsa mtima ndi zobisazo.

"Thukuta langa ndilibise ngati ndaba, achimwene?"

Amene anamufewetsa anali Latifa, amake Shabani, mnansi wake wa nyumba yotsatira. Awiriwa ankapemphera kosiyana koma ankabwerekana chilichonse, ndipo Anjelina akapita kumsika, Chipi ankatsala ndi Latifa. Mwamuna wa Latifa anapita ku Joni n'kuiwala njira yobwerera, ndiye mayiyu ankalera ana ake ndi thandizo la bungwe lina, limene linamulemba tsiku limene nayenso anabisa nkhuku zake.

"Amake Chipi, kunyada kwanuku msana wanu ukugwirizana nako?" anatero Latifa. "Ndi tsiku limodzi lokha. Mbuzi ndikazimangirira pamodzi ndi za anthu kudambo, matiresi ndi mpando zilowe m'nyumba mwanga. Akangochoka tibweza zonse. Mwana apeze njinga, inu mupume."

Anjelina anakana kawiri, kachitatu anavomera. Chinamugonjetsa ndi njinga ija, osati mawu a munthu.

Tsikulo litafika, pakhomo panasanduka pa mphawi wotheratu. Chipi anamuveka diresi lakale lothina, n'kumugoneka pachiguduli pakhonde. Miyendo yake inali yowonda chibadwire, koma pachiguduli paja inkaoneka ngati ya njala. Posowa mpando wake, mwanayo anayamba kudzipinda ndi kulira, dovu likutsikira m'khutu.

M'galimoto munatsika mayi Kalinde, mayi wa magalasi, wolankhula motsitsa mawu. Sanali wonyada ayi. Anakhala pansi pakhonde pomwepo, n'kugwira dzanja la Chipi.

"Amagona pati mwanayu?"

"Pomwepa," anatero Anjelina, akuyang'ana kumbali.

"Amadya chiyani?"

"Tikapeza."

"Nanga mukapita kumunda amatsala ndi ndani?"

A Levi anachita kumulanda yankho pakamwa. "Yekha, madamu. Amangomutsekera m'nyumba. Nanga atani, munthu ali yekhayekha?"

Bodza limenelo linamuwawa Anjelina kuposa onse, koma analimeza. Mayi Kalinde anajambula zithunzi ndi foni, za mwana, za chiguduli, za m'nyumba mopanda kanthu, za khola lopanda mbuzi. Pochoka anavula magalasi n'kupukuta m'maso. Madzulo ake, akubweza katundu, Latifa anaseka kuti, "Mwaona? Mpaka alira. Njinga ija ndi yanu basi."

Galimoto ija inabweradi kachiwiri, koma inalibe njinga. Anthu a bungwe aja anati akufuna kumutengera Chipi ku nyumba yawo yosungira ana ku Limbe kuti madokotala akamuone bwino, adyeko chakudya chabwino. Anjelina anati apita nawo, koma anamuuza kuti kulibe malo ogona akuluakulu. Anayamba kuvuta, ndipo a Levi anamukokera pambali.

"Mwanayu ndi wa mbumba, ndipo mwini mbumba ndine. Ndavomera kale. Nanga njinga angamuyeze bwanji mwana asakumuona? Musatichititse manyazi, achemwali."

Anjelina anamumasula Chipi kumbuyo n'kumupereka. Masiku otsatirawo ankakama mbuzi m'mawa mwachizolowezi, kenako n'kuima ndi kapu m'manja, osadziwa kothira mkakawo.

Atagulitsa tomato anakwera minibasi wa ku Limbe. Nyumbayo inali ya mpanda wautali, mkati mwake muli kapinga ndi mitengo ya maluwa. Pakhonde anapeza azungu awiri, mwamuna ndi mkazi wake. Mwamunayo anamukhazika Chipi pamiyendo, atamuchirikiza mutu, ndipo mkaziyo ankamudyetsa phala ndi kasupuni, pang'onopang'ono, kudikira kuti ameze. Anjelina anaima n'kumayang'ana, kufunafuna cholakwa choti akalipire, koma sanachipeze. Zimenezo zinamukwiyitsa koposa.

"Chipi," anaitana.

Mwanayo anadziponya chagada ndi chisangalalo, phala n'kutayikira pamalaya a mzungu uja. Anjelina anamulanda osapempha.

Mayi Kalinde anamutengera mu ofesi, mwana ali pachifuwa, n'kumufotokozera modekha. Azunguwo anachokera ku Ulaya. Mkaziyo ntchito yake ndi yosamalira ana olumala, ndipo ataona zithunzi za Chipi sanagone tulo. Akufuna kumutenga akhale mwana wawo, osati wongomusunga, koma wawo mpaka kalekale. Malume a mwana anavomera kale, anasaina. Chatsala ndi khoti basi.

"Zithunzi zake ziti?" anafunsa Anjelina.

Mayi Kalinde anamuonetsa pafoni. Anali Chipi pachiguduli paja, pakamwa pali yasa, ntchentche ili patsaya.

Mawu a Anjelina anamveka mpaka kugeti. "Mwana wanga sagona pachiguduli. Ali ndi matiresi, ali ndi mpando, amamwa mkaka tsiku ndi tsiku. Ndili ndi mbuzi ine, ndili ndi chimanga. Tinabisa. Zonse zija tinabisa kuti mutipatse njinga."

Mayi Kalinde anaika foni ija patebulo. Atayankhula, mawu awo anali atauma.

"Ndiye mukundiuza kuti munandinamiza?"

"Eya, ndinakunamizani. Mudzi wonse umanama galimoto ikabwera. Anatiphunzitsa ndi anthu ngati inu nomwe, amene simuthandiza munthu pokhapokha mumupeze akugona ndi agalu."

"Ine ndinalira tsiku lija, mayi. Ndinafika kunyumba chakudya osachikhudza." Anakonza magalasi awo. "Komanso ndikuuzeni, si inu woyamba kusintha mawu atamva kuti mwana akupita kunja. Ena amatero pofuna kuti azungu awagwire m'manja. Sindikuti ndinu wotero. Ndibweranso kwanu khoti lisanakhale, ndidzafunsa anansi anu. Koma zikakhala zoona kuti mudzi wanu umabisa katundu, sindidzazisunga mumtima. Anzanga a mabungwe ena adzazimva."

Mwana sanaloledwe kutuluka. Anjelina anabwerera yekha. Anathamangira kaye kwa bambo wa mafizo uja, amene anavomera kuti Chipi amamudziwa, koma anati pakhomo pawo sanapondepo, ndiye za matiresi ndi mbuzi sangachitire umboni. Atafika kumudzi anakafotokozera Latifa zonse, osasiyako ngakhale mawu omaliza aja a mabungwe ena. Munthu wochenjera akanawasunga mawu amenewo, koma Anjelina sanazolowere kusankha zonena.

"Inu mudzangonena zoona basi, amake Shabani. Mudzati katundu uja munasunga ndinu."

"Ndamva," anatero Latifa, akupeta mphale osadzutsa mutu. Pofika madzulo nkhani inali itazungulira mudzi wonse.

Ulendo uno Anjelina anakonzekera mlendo mmene amayi ake anamuphunzitsira. Anasesa pabwalo mpaka kumsewu. Anazira khonde. Matiresi anawachapa ndi sopo, n'kuwayanika padzuwa, n'kuwagulira pulasitiki watsopano. Mpando wa Chipi, umene unali ndi zipsera za phala la zaka zonse zija, anaukwecha ndi mchenga mpaka thabwa linayera, ndipo lamba wothaitha uja anamuchotsa n'kusokerapo chitenje chatsopano. Ankafuna kuti mayi Kalinde aone kuti mwana amakhala mwaukhondo. Matumba a chimanga anawatulutsa n'kuwasanja pakhonde, mbuzi anazimangirira pamtengo wa mango kutsogolo kwenikweni.

M'mawa wa tsikulo m'mudzi munali zii. Sikunamveke kulira kwa mbuzi kapena tambala kwina kulikonse, chifukwa galimoto yoyera inali ikubwera ndipo aliyense anachita zimene amachita nthawi zonse. Mayi Kalinde anadutsa makola opanda kanthu, ana a nsanza, nyumba za zitseko zotsekedwa, mpaka anafika pakhomo limodzi lokha lodzaza ndi katundu wowala ngati wangotsika kumene m'sitolo. Anaima pakati pa bwalo n'kuyang'ana uku ndi uku.

"Mudzi wonse uno, mbuzi zili pakhomo panu pokha?"

"Ndi zanga. Funsani anthuwa."

Anthu anali atasonkhana ndithu, ataima patali pang'ono, manja kumbuyo. Mayi Kalinde anayamba ndi a Levi. Bamboyu anali atasaina kuti mwana amagona pachiguduli ndipo amatsekeredwa m'nyumba, ndiye m'mutu mwake munali apolisi okhaokha.

"Ine ndimakhalira pa Boma, madamu," anatero, akuyang'ana zala zake zakuphazi. "Za pakhomo pano sindizidziwa bwinobwino."

"Achimwene," anatero Anjelina, "matiresi awa si inu amene munawanyamula panjinga kuchokera ku Boma?"

A Levi anangokhosomola.

Mayi Kalinde anagwira lamba wa mpando uja, n'kumupsinya pakati pa zala. "Nsalu iyi sinachapidwepo n'kamodzi komwe. Mpando uwu mwana anakhalapo?"

"Ndautsuka dzulo. Nanga mlendo ndimulandire ndi zonyansa?"

Anawerama pamatiresi. Ankanunkhira sopo ndi pulasitiki watsopano, fungo la mwana panalibe. Kenako anatembenukira kwa Latifa, amene anaima kumbuyo kwa anzake ndi kamwana kake kakang'ono m'manja.

"Mayi, akuti inu ndi amene munasunga katunduyu tsiku lija. Musaope, ingonenani. Mbuzi izi mumazidziwa?"

Latifa anayang'ana mbuzizo, mbuzi zoti ina anaithandiza kubereka ndi manja ake. Anayang'ana anthu a m'mudzi, ndipo onse ankamuyang'ana iye. Anjelina yekha ndi amene sanamuyang'ane.

"Ndayamba kuziona dzulo," anatero Latifa.

"Nanga mpandowu?"

"Kaya. Mwina abwereka kuchipatala."

Anjelina anatsegula pakamwa koma kwa nthawi yoyamba pamoyo wake mawu anachedwa kutuluka. Atatuluka anatuluka onse. Anatchula anthu mmodzimmodzi, uyu ali ndi mbuzi, uyu ali ndi njinga m'bafa, uyu matumba ake ali m'munda wa nandolo. Anawakumbutsa maliro a Misozi, mmene analirira onse n'kulonjeza kuti mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Anthu anayamba kuzemba mmodzimmodzi.

"Tiyeni kudambo," anatero Anjelina kwa mayi Kalinde, atawagwira mkono. "Tiyeni pompano mukaone mbuzi za mudzi uno."

Mayi Kalinde anachotsa dzanjalo pang'onopang'ono. Ankaoneka otopa, osati okwiya.

"Ndikazipeza zindiuza chiyani, mayi? Kuti kuno aliyense amanama? Ndiye ndikhulupirire tsiku liti, lija kapena lero? Ndikudziwa kuti mwanayu mumamukonda, zimenezo sindikukayika. Koma kukhoti ndikanena zimene ndinaona ndi maso anga, ndi zimene mboni zanu zanena."

Kukhoti Anjelina anapita, atavala chitenje chake cha kutchalitchi. Anamupatsa mpata wolankhula, ndipo analankhula mokweza mpaka anamuchenjeza. Koma mawu a munthu amene wavomera yekha kuti ananama sangalemere kuposa mawu a malume, zithunzi ndi mboni. Woweruza anaona mbali imodzi chiguduli, mbali inayo azungu odziwa kudyetsa mwana, ndipo anagamula mmene aliyense wosadziwa mudzi uja akanagamulira. Madzi akatayika saoleka.

Anamulola kukatsanzikana ndi Chipi ku Limbe. Anjelina sanakhale pampando umene anamupatsa. Anamubereka Chipi kumbuyo, n'kumanga chitenje pachifuwa, n'kumayenda naye uku ndi uku pakapinga, mwanayo akumupumira m'khosi. Mlonda ataona zimenezo anapita kukatseka geti. Mzungu wamkazi uja anamuyandikira, misozi ili m'maso, n'kulankhula zinazake m'chizungu.

"Akuti musadandaule," anamasulira mayi Kalinde. "Azikutumizirani zithunzi."

"Auzeni kuti zithunzi ndi zimene zandilanda mwana," anatero Anjelina. "Auzeni kuti phala lake lisamatenthe, ndipo akamalira usiku asamugoneke chagada."

Anamasula chitenje yekha, osalola munthu kumuthandiza, n'kutuluka osacheuka. Tsiku limene ndege inanyamuka palibe amene anamuuza.

Kuyambira pamenepo a Levi akafuna kudutsa m'mudzimo amazungulira njira ya kudambo. Mabungwe akubwerabe, mayina akulembedwabe, ndipo palibe amene anachotsedwa pa thandizo lililonse. Mudzi unapulumuka, ndipo anthu ake amapemphera bwinobwino Lachisanu ndi Lamulungu.

Patapita masabata angapo, Anjelina akumenya nandolo pabwalo, kunamveka odi wofooka. Anali Latifa, atanyamula mbale ya mbatata yovundikira ndi nsalu. Anjelina anapitiriza kumenya. Latifa anaika mbaleyo pakhonde n'kugwada chapatali, monga amachitira munthu kwa apongozi.

"Amake Chipi, sindinabwere kudzakana. Ndinalakwa. Sindikugona ine."

Ndodo inapitiriza kugwa pa nandolo.

"Usiku uja galimoto isanabwere, anthu anabwera kwanga. Anati ndikanena zoona, onse atichotsa, ndipo ine ndidzakhala mfiti ya mudzi uno. Ufa umene timadya kwanga mukuudziwa kumene umachokera. Shabani sukulu akumulipirira ndi anthu omwewo." Anaweramitsa mutu. "Ndinaganiza ana anga, amake Chipi. Ndili ndi ana anayi ine."

Anjelina anasiya kumenya. Anaika ndodo pansi bwinobwino, n'kupukuta manja pachitenje, n'kumuyang'ana mnzakeyo kumaso. Sanakalipe, ndipo Latifa akanakonda akanakalipa.

"Ine ndinali naye mmodzi," anatero.